Misampha ya Fungo pa Ulimi wa Mbewu: Kuwerenga Agulugufe Mbozi Zisanabadwe

Mbozi yachilendo ya ntchemberezandonda, imene akatswiri amaitcha Spodoptera frugiperda ndipo pa mabotolo a mankhwala imalembedwa kuti fall armyworm, kwawo ndi ku America. Mu Africa inaoneka koyamba kumayambiriro kwa chaka cha 2016 m'maiko a kumadzulo monga Nigeria, ndipo chakacho chisanathe inali itayamba kale kudya chimanga ku Zambia. Mu Febuluwale 2017 boma la South Africa linatsimikiza kuti nakonso yafika. Mu Disembala chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko la Malawi analengeza kuti maboma 20 mwa 28 a m'dzikolo ali pa ngozi chifukwa cha mbozi yomweyi. Liwiro lotere silidabwitsa munthu amene amadziwa kholo la mboziyo. Kholo lake ndi gulugufe wouluka usiku, yemwe mphepo ikamuwomba kumsana amatha kuyenda makilomita 100 kusanache.

Pamodzi ndi mliriwo panabweranso chipangizo chimene alimi ambiri m'chigawo chino anali asanachionepo: kandowa koyera ka pulasitiki, ka khosi lachikasu ndi kadenga kobiriwira, kolendewera pa mtengo m'mbali mwa munda. Umenewu ndiwo msampha wa feromoni, kapena kuti msampha wa fungo. Maunduna a zaulimi ndi bungwe la FAO anagawa misampha yambiri yotere, ndipo lero ikupezekanso m'masitolo ena a zipangizo zaulimi. Funso limene wogula amafunsa pa kauntala ndi limodzimodzi kulikonse: kodi ndikaupachika, mbozi zitha? Wogulitsa amene ayankha kuti inde wagulitsa msampha umodzi n'kutaya kasitomala, pakuti m'munda wa chimanga msamphawu suthetsa mbozi. Ntchito yake ndi kunena nthawi, ndipo kwa mlimi wa mbewu kudziwa nthawi kuli ndi phindu loposa limene wogula uja ankaliyembekezera.

Fungo loitana mwamuna

Gulugufe wamkazi akakhwima satuluka kukafuna mwamuna. Kukada amakhala pa tsamba n'kutulutsa kafungo kochepa zedi kuchokera kumapeto kwa mimba yake, ndipo mphepo imakanyamula ngati utsi wa moto wa kudimba. Mphuno ya munthu singakamve. Wamwamuna amakamva ndi tinyanga take, ndipo amauluka molimbana ndi mphepo, kukhotera uku ndi uku, mpaka atafika pamene pakuchokera fungolo. Woyamba kudziwa kapangidwe ka fungo lotere anali katswiri wa ku Germany, Adolf Butenandt, mu 1959. Anachita kusonkhanitsa agulugufe aakazi a silika pafupifupi 500,000 kuti apeze kadontho kokwanira kukapima. Lero fungo la tizilombo tambirimbiri limapangidwa m'mafakitale n'kunyowetsedwa m'kamphira kakang'ono konga nsonga ya chala. Kamphira kameneka ndiko nyambo. Wamwamuna amabwera akuyesa kuti wapeza mkazi, amazungulira pansi pa kadenga kaja, amagwera m'khosi loterera, ndipo sangathenso kutuluka.

Fungoli si chinthu chimodzi ayi, ndi msakanizo, ndipo mtundu uliwonse wa gulugufe uli ndi muyeso wakewake. Pa ntchemberezandonda yachilendoyi gawo lalikulu la msakanizowo ndi mankhwala amene amalembedwa kuti Z9-14:OAc. Koma mankhwala omwewa amapezekanso m'fungo la agulugufe ena, kuphatikizapo ntchemberezandonda yakale ya kuno kwathu, Spodoptera exempta, ija imatulukira mwadzidzidzi m'madambo n'kuyenda chigulu. Chimene chimasiyanitsa ndi tizigawo tina tochepa, monga Z7-12:OAc, tokhala ngati mchere m'ndiwo. Wogulitsa sayenera kuloweza mayina amenewa pamtima. Chofunika kwa iye n'kudziwa kuti nyambo ya mtundu wina siigwira ntchito ya inzake, ndiponso kuti nyambo za makampani awiri, ngakhale zonse zitalembedwa dzina la kachilombo kamodzi, zikhoza kusiyana pa kuchuluka kwa agulugufe amene zimakopa. Mlimi akasintha kampani ya nyambo pakati pa nyengo, ziwerengero za mwezi uno sizingayerekezedwenso ndi za mwezi watha.

Tsono taonani amene amagwera m'ndowamo: ndi aamuna okhaokha. Wamwamuna mmodzi amene wapulumuka akhoza kukwera aakazi angapo, ndipo wamkazi mmodzi amaikira mazira m'magulu a 100 mpaka 200, onse pamodzi kupitirira 1,000 pa moyo wake wa masabata awiri kapena atatu. Komanso aakazi ena amafika m'munda atakumana kale ndi aamuna kwina. Msampha ukagwira aamuna 60 pa sabata, mwini munda amakondwa poona ndowa yodera, koma mazira amene aikiridwa m'munda mwake sabata imeneyo sanachepe kwenikweni. Chimene wapeza ndi uthenga wakuti agulugufe afika ndipo akuikira.

Masiku ochepa amene mbozi ili poyera

Phindu la uthenga umenewu limamveka tikaona moyo wa mboziyo. Nyengo yotentha mazira amaswa pakatha masiku awiri kapena atatu. Timbozi tongobadwa kumene timapala pamwamba pa tsamba n'kusiya timawanga toonekera ngati pepala lonyowa ndi mafuta. Pa msinkhu umenewu tili poyera, ndi tofooka, ndipo mankhwala ochepa, ngakhale mvula yamphamvu, imatipha. Pakapita masiku ochepa zimatsikira m'nsonga ya chimanga, mmene masamba atsopano akutulukira, n'kudzitsekera ndi ndowe zawo zonga utuchi. Mmenemo mankhwala opopera salowa bwino, ndipo m'masiku otsiriza amenewa ndi mmene mbozi imadya pafupifupi chakudya chonse cha moyo wake. Ikakwana masabata awiri kapena kupitirirapo pang'ono imatsikira m'dothi, n'kugona sabata imodzi ndi masiku angapo, kenako n'kutuluka ili gulugufe. Ulendo wonse umatenga pafupifupi mwezi umodzi m'dzinja, ndipo umatalika nyengo yozizira.

Alimi ambiri amazindikira vuto akaona masamba ong'ambika ndi utuchi m'nsonga. Apo n'kuti mbozi zitakula kale, ndipo kupopera kwa tsiku limenelo kumadya ndalama zambiri pa phindu lochepa. Mpata weniweni unali sabata yapitayo. Msampha umathandiza mlimi kuti mpata umenewo usamudutse, chifukwa agulugufe akayamba kuchuluka m'ndowa, iye amadziwa kuti timbozi tating'ono tikhala pa masamba m'masiku ochepa akudzawo.

Pali chinanso chokhudza kwambiri olima mbewu. Mbozi imeneyi ilibe nyengo yogona tulo todikira mvula monga amachitira kapuchi m'mapesi ouma. Imafuna chakudya chobiriwira chaka chonse, ndipo m'miyezi ya chilimwe imachipeza m'minda yothirira: m'madimba, m'Chigwa cha Shire, ku Lowveld ya ku Zimbabwe, ndi m'mafamu aakulu othirira a ku Zambia. Munda wa mbewu wobzalidwa mu Juni kapena Julayi umakhala malo okhawo obiriwira pakati pa tchire louma, ndipo gulugufe aliyense wa m'deralo amalunjika komweko. Amene amalima mbewu nyengo imeneyi asachotse misampha yake chifukwa chakuti mvula yatha.

Kutchera ndi kuwerenga

Msampha utcheredwe pafupifupi mwezi umodzi musanabzale, kuti mudziwe ngati agulugufe alipo kale m'deralo. Upachikidwe pa mtengo wolimba, wowongoka, m'mbali mwa munda kapena m'kati mwake, pa msinkhu wa pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Chimanga chikamakula muzikweza msamphawo kuti uzikhala pamwamba pang'ono pa nsonga za mbewu, masamba asatseke polowera ndipo mphepo izidutsa momasuka. Malangizo a FAO amanena za msampha umodzi pa theka la hekitala mpaka mahekitala awiri, ndipo misampha iwiri italikirane mamita osachepera 50, kuti fungo la wina lisasokoneze la unzake. M'kati mwa ndowa mumaikidwa kachidutswa ka mankhwala opha tizilombo kuti agulugufe afe msanga asanaphwanye mapiko awo. Nyambo imasinthidwa pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, malinga ndi zimene wopanga walemba, ndipo kumalo otentha monga kunyanja ndi kuchigwa n'kwanzeru kutsata malire aafupiwo.

Kuwerenga kumafuna diso. Si gulugufe aliyense wa m'ndowamo amene ali mdani amene mukumufuna. M'maiko angapo a mu Africa misampha imeneyi yapezeka ikugwiranso gulugufe wina wotchedwa Leucania loreyi, nthawi zina wambiri ndithu. Iyeyu ndi wotuwa ngati udzu wouma, wokhala ndi kamzere kotsata utali wa phiko. Wamwamuna wa ntchemberezandonda yachilendo ali ndi mapiko akutsogolo amawangamawanga, oderapo ndi otuwa, okhala ndi banga loyera kunsonga, pamene mapiko akumbuyo ndi oyera okhala ndi mkombero wakuda. Kusiyanitsa kumeneku n'kosavuta pa gulugufe amene wafa dzulo. Pa amene wakhala m'ndowa yonyowa masiku khumi, nyerere zitamudyako, ngakhale katswiri amangopukusa mutu. N'chifukwa chake kuyendera msampha kawiri pa sabata kuli bwino kuposa kamodzi. Mukawerenga, khuthulani ndowayo, tayani agulugufewo kutali, ndipo lembani tsiku, chiwerengero, msinkhu wa chimanga, ndiponso ngati kunagwa mvula.

Kulemba kumeneku ndiko anthu ambiri amakunyozera, chonsecho popanda iko msampha ndi chokongoletsera munda chabe. Chiwerengero cha tsiku limodzi sichinena kanthu pachokha. Agulugufe 15 angakhale nkhani yaikulu pa munda umene masabata atatu apitawo unkagwira awiri kapena atatu, ndipo angakhale nkhani yabwino pa munda umene sabata yatha unagwira 80. Chimene mlimi akufuna kuona ndi kukwera kapena kutsika kwa chiwerengerocho. Ndiponso pali zambiri zimene zimachisokoneza: usiku wa mphepo yamkuntho, mvula, kuzizira, nyambo yotha mphamvu, ngakhale kuchuluka kwa aakazi enieni m'munda, amene fungo lawo limapikisana ndi la kamphira kaja. Ndowa yopanda kanthu siitanthauza kuti munda uli bwino. Ndowa yodzaza nayonso siitanthauza kuti mbewu yawonongeka, chifukwa mvula yamphamvu imakokolola mazira ndi timbozi, ndipo nyerere ndi timavu tating'onoting'ono monga Telenomus remus, tomwe timaikira mazira ake m'kati mwa mazira a gulugufeyo, timapha ambiri mlimi osadziwa.

Choncho munthu asatenge mpope chifukwa cha zimene waona m'ndowa. Msampha ukakwera, chotsatira ndi kulowa m'munda. Yendani motsata chilembo cha W, osati m'mphepete mokha, n'kuima malo asanu. Pa malo alionse onani mapesi khumi otsatizana, kufunafuna mazira, timawanga tatsopano pa masamba aang'ono ndi ndowe zaziwisi m'nsonga. Ndowe zouma ndi mabowo akale zimanena za mbozi imene inapita kale, ndipo siziwerengedwa. Buku la malangizo limene bungwe la CIMMYT linatulutsa mothandizana ndi USAID mu 2018 limapereka malire awa: chimanga chikadali chaching'ono, chitanipo kanthu ngati mapesi 20 mwa 100 alionse agwidwa, ndiye kuti 10 mwa 50 amene mwaona. Chikakula, chisanamasule, malirewo amakwera kufika pa 40 mwa 100. Chikamasula ndi kutulutsa ndevu amabwereranso pa 20.

Munda wa mbewu suli ngati munda wa chakudya

Malire amenewa anakonzedwa poganizira chimanga chodya, ndipo olemba ake anasiya mpata wakuti munthu atsitse kapena akweze malinga ndi mmene zinthu zilili. Wolima mbewu ali ndi zifukwa zomveka zotsatira mbali yotsika. Choyamba, kilogalamu ya mbewu ili ndi mtengo woposa kilogalamu ya chimanga cha kumsika, choncho kuwonongeka kochepa kumalipira kale mtengo wa mankhwala. Chachiwiri, makolo a chimanga cha haibulidi kawirikawiri amakhala mbewu zofooka, zazifupi, za masamba ochepa, zimene sizichira msanga zikadyedwa monga amachitira mwana wawo m'munda wa mlimi.

Kabzalidwe ka munda wa haibulidi nako kamakomera mbozi. Kuti ngayaye za mizere yaimuna zikumane ndi ndevu za mizere yaikazi, nthawi zambiri mizereyi imabzalidwa masiku osiyana, ndipo yaimuna ina imabzalidwa kawiri. Zotsatira zake n'zakuti m'munda umodzi mumakhala chimanga chanthete kwa nthawi yaitali, chimene gulugufe wamkazi amakonda kuikirapo. Mbozi ikadya ngayaye ya mzere waumuna isanatuluke, mungu umachepa, ndipo mizere yaimuna ndi yochepa kale. Ikadula ndevu za mzere waukazi, chitsononkho chimatuluka cha magweru. Ikaboola chimanga chokhwima, nkhungu zimalowera pa bowolo, ndipo njere zowola zimakatayidwa posankha kapena zimatsitsa kameredwe ka mbewu yonse ikakapimidwa. Mlimi wa chimanga chodya amataya matumba angapo. Mlimi wa mbewu akhoza kuona zokolola zake zonse zikukanidwa n'kugulitsidwa pa mtengo wa chimanga wamba.

Palinso nkhani ya antchito. Nthawi yochotsa ngayaye m'mizere yaikazi anthu amalowa m'munda tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo ntchitoyi siidikira: ngayaye imodzi yotsala ikhoza kuipitsa mbewu. Koma munda wopoperedwa uli ndi nthawi yake imene munthu saloledwa kulowamo. Kapitawo amene wadzidzimuka ndi mbozi pakati pa ntchito yochotsa ngayaye amakhala pa mphanda, kuti aimitse ntchito kapena alowetse anthu m'munda wa mankhwala. Amene wakhala akuwerenga msampha wake amaona funde la agulugufe likubwera, amayendera munda, ndipo ngati pakufunika kupopera amatero antchito asanayambe. Buku la ziwerengero limathandizanso pokambirana ndi oyendera minda a boma, kaya a ku Chitedze m'Malawi kapena a SCCI ku Chilanga m'Zambia, ndiponso ndi kampani imene inapereka kontirakiti, pakabuka mtsutso wa chimene chinatsitsa zokolola.

Ena amati njira yachidule n'kungopopera sabata iliyonse osavutika ndi zowerenga. Njira imeneyi ili ndi ngongole imene imabwezedwa pambuyo pake. Kwawo ku America mboziyi inasonyeza kale kuti imatha kuzolowera magulu angapo a mankhwala, kuphatikizapo ma pyrethroid ndi ma organophosphate amene ali otsika mtengo ndi ofala m'masitolo athu. Kupopera kulikonse kosafunika kumafulumizitsa kuzolowera kumeneku, kumapha timavu ndi nyerere zothandiza zija, ndipo mapeto ake wogulitsa yemwe amatsala ndi mabotolo amene alimi akuti sakugwiranso ntchito.

Msampha umodzi umanena za munda umodzi. Misampha yambiri yowerengedwa tsiku lofanana imaonetsa kumene agulugufe akuchokera ndi kumene akulowera. Nzeru imeneyi si yatsopano kuno: bungwe la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola, lakhala kwa zaka zambiri likulandira ziwerengero za misampha ya ntchemberezandonda yakale ija kuchokera m'maiko amene ali mamembala ake, n'kumachenjeza za kumene ingabuke. Mu 2018 FAO inatulutsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa FAMEWS yosonkhanitsira ziwerengero za yachilendoyi. Kampani ya mbewu imene ili ndi alimi a kontirakiti m'maboma angapo ili kale ndi ukonde wotere m'manja mwake, ngati alimiwo atagwirizana nyambo imodzi, tsiku limodzi lowerengera, ndi gulu limodzi la WhatsApp lotumizirako. Ngakhale wogulitsa wa pa tauni yaing'ono akhoza kutchera misampha iwiri kapena itatu kwa makasitomala ake odalirika n'kumalemba ziwerengero pa bolodi pakhomo pa sitolo.

Kumene fungo limaphadi

Pali malo ena amene nyambo imachita zoposa kulondera. Olima tomato m'chigawo chino akuidziwa Tuta absoluta, kagulugufe kakang'ono kochokera ku South America kamene kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pofika 2016 kanali ku Zambia ndi ku South Africa. Mphutsi zake zimalowa m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso, mmene mankhwala safika mosavuta. Pa kachilombo aka, kuwonjezera pa misampha yaulimbo yowerengera, alimi amatchera misampha yambiri nthawi imodzi, 20 mpaka 40 pa hekitala, kuti aamuna athe. Msampha wake ndi beseni la madzi othira sopo pang'ono kapena mafuta, nyambo itapachikidwa pamwamba pa madziwo. Njirayi imathandiza kwenikweni m'nyumba zolimiramo zotchingidwa ndi neti, ndiponso ikayambika tizilombo tisanachuluke. Pa dimba la poyera lozunguliridwa ndi madimba ena osasamalidwa imangochepetsa, ndipo iyenera kuyendera limodzi ndi kuzula ndi kukwirira zotsalira za tomato wakale.

Njira ina siigwiritsa ntchito msampha n'komwe. M'munda monse mumamwazidwa tizipangizo totulutsa fungo la wamkazi, kotero kuti mpweya wonse umanunkhira mkazi ndipo wamwamuna amalephera kupeza weniweniyo. Ku United States njira imeneyi inalembetsedwa mu 1978 polimbana ndi mbozi yapinki ya thonje, ndipo ku South Africa ikugwiritsidwa ntchito m'minda ya malalanje polimbana ndi Thaumatotibia leucotreta, kachilombo kamene maiko a European Union salola kuti kalowe ndi zipatso kuyambira mu 2018. Chinsinsi chake ndi kukula kwa malo. Pamafunika mahekitala ambiri ogundizana, chifukwa wamkazi amene wakumana ndi mwamuna m'munda wa mnansi amauluka n'kudzaikira mazira mwanu, fungo lanu lonselo osamuletsa. Pa ekala imodzi yozunguliridwa ndi minda ya anthu ena n'kutaya ndalama. Pa famu yaikulu ya mbewu, yomwe malamulo amafuna kale kuti italikirane ndi chimanga china, nkhaniyi ndi yoyenera kuitchera khutu. Koma wina akabwera ndi katundu wotere, funsani kaye ngati analembetsedwa ku bungwe loona za mankhwala a mbewu m'dziko lanu, monga Pesticides Control Board ku Malawi kapena ZEMA ku Zambia.

M'nyumba yosungiramo mbewu nkhani imatembenuka pang'ono. Nankafumbwe wamkulu, Prostephanus truncatus, amene analowa ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kufalikira kumwera, ali ndi fungo la mtundu wina. Amene amalitulutsa ndi wamwamuna akapeza chakudya, ndipo limaitana aamuna ndi aakazi omwe. Msampha wa nyambo imeneyi usaikidwe m'kati mwa nkhokwe kapena pafupi ndi khomo lake, chifukwa kutero n'kuitanira mdani pa mbewu. Umatcheredwa panja, chapatali, ndipo umanena za anankafumbwe amene akuuluka m'deralo. Amene ali kale m'matumba, akudya, sautsata, choncho matumba ayenera kupimidwa paokha. Agulugufe ang'onoang'ono a m'nkhokwe, monga Sitotroga cerealella ndi mitundu ya Ephestia, ndiwo amene misampha yawo yaulimbo imapachikidwa m'kati mwa nyumba, ndipo ziwerengero zake zimathandiza kudziwa ngati kufukiza kwapitako kunagwira ntchito.

Pa shelefu ya wogulitsa

Ndowa ya msampha imakhala zaka, ndipo mlimi wochenjera akhoza kupanga yake ndi botolo lalikulu la pulasitiki. Malonda enieni ali pa nyambo, ndipo nyambo ndi katundu wosachedwa kuwonongeka. Fungo lake linapangidwa kuti liziuluka, ndipo kutentha kumaliulutsa msanga. Paketi yosiyidwa pa shelefu pansi pa denga la malata m'mwezi wa Okutobala ikhoza kufika kwa mlimi itatha kale mphamvu, koma maso sangaone kusiyana kwake. Kuopsa kwa nyambo yakufa n'kwakuti siilephera moonekera: ndowa imakhala yopanda kanthu, mlimi amagona mtima uli m'malo, mbozi zikudya. Nyambo zisungidwe m'mapaketi ake osatsegula, m'firiji, kutali ndi zakudya, ndipo kumene kulibe magetsi odalirika ndi bwino kuitanitsa zochepa pafupipafupi kusiyana ndi kuunjika za chaka chonse. Tsiku lotha ntchito lionedwe polandira katundu, osati pogulitsa.

Wogula auzidwenso kagwiridwe kake. Nyambo isakhudzidwe ndi manja, makamaka ngati munthu akutchera misampha ya tizilombo tosiyana tsiku limodzi, popeza kafungo kotsalira pa chala n'kokwanira kusokoneza nyambo inzake. Magolovesi, kapena kapepala ka pulasitiki koyera kosinthidwa pa nyambo iliyonse, n'kokwanira. Msampha umodzi ukhale wa kachilombo kamodzi mpaka kalekale: ndowa imene inakhalamo nyambo ya Tuta isadzalandire ya ntchemberezandonda. Momwemonso methyl eugenol, amene amakopa ntchentche zazimuna zoboola mango, ndi wa ntchentche zokhazo, ngakhale kuti m'masitolo ena zonsezi zimangotchedwa nyambo. Kamphira kakale ndi paketi yake zisatayidwe m'munda, chifukwa zimapitiriza kukopa agulugufe n'kulanda msampha makasitomala ake.

Pomaliza pake pali masamu a pa kauntala. Chimanga cha miyezi inayi, kuwonjezapo mwezi umodzi wotchera musanabzale, ndi miyezi isanu. Ngati nyambo ikusinthidwa masabata anayi alionse, msampha umodzi ukufuna nyambo zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa nyengo, pamodzi ndi tizidutswa ta mankhwala a m'ndowa. Mlimi amene wagula ndowa ndi nyambo imodzi yokha adzakhala ndi mlonda mwezi woyamba basi, ndipo pofika nthawi ya ngayaye, pamene mbewu yake ili pa ngozi yaikulu, msamphawo udzakhala ukungolendewera. Muuzeni mtengo wa nyengo yonse asanalipire. Ngati kwawo kulibe firiji, nyambo zotsalazo zisungidwe kusitolo m'dzina lake, azidzatenga imodziimodzi, ndipo tsiku losinthira lilembedwe ndi cholembera chosafufutika pa ndowa yomweyo.